Mkamwini wa Kuthambo

Bonn, Jeremani
9 Novembala 2003

Okondedwa Bambo,

Landirani moni kuchokera kuno kozizira. Muli bwanji, nanga mwendo uja ukuti bwanji? Ine ndili bwino, kungoti dzuwa la kuno limaweruka anthu asanaweruke.

Nkhani yabwino ndi iyi: zithunzi zanga zafika. Pa maliro a Amayi ndinakuuzani kuti ndapempha nthawi pa telesikopu ija imazungulira dziko kumwambaku. Opempha ndi ambiri ngati pamzere wa feteleza, koma ine andipatsa maola khumi ndi limodzi. Mwezi wathawu inaloza kumene ndinapempha.

Munati ndizikufotokozerani ngati mwana wa Sitandade 5, ndiye nazi. Nyenyezi zimakhala m'magulu otchedwa milalang'amba. Milalang'ambayo nayonso siyenda yokhayokha, imamanga midzi, mazanamazana pamodzi. Pakati pa mlalang'amba ndi unzake diso limaona mdima basi, koma mumakhala mpweya wotentha zedi umene umatulutsa kuwala kwa ekisireyi, konga kuja amajambulira chifuwa kuchipatala. Kuwalako sikufika pansi pano, n'chifukwa chake makinawo anawakweza kumwamba. Tikayeza kutentha kwa mpweyawo timadziwa kulemera kwa mudzi wonse, ndipo tikayeza midzi yambiri, yakale ndi yatsopano, timadziwa mmene chilengedwe chakulira. Abusa muwafotokozere pang'onopang'ono.

Koma muyesowu umafuna mudzi wofatsa, wokhazikika. Belo ya fodya ikamagwedera pa sikelo, nambala yake imakhala yabodza. Ine ndinasankha wofatsitsa pa yonse, wozungulira bwinobwino ngati lichero. Dzina ulibe, uli ndi manambala okha.

Lamulo la kuno ndi loti zithunzizi ndi zanga ndekha kwa chaka chimodzi. Pa 20 Okutobala chaka chamawa azitsegulira aliyense, ndipo ndikachedwa ena adzakolola m'munda mwanga. Mukaona makalata anga akufupika musadabwe.

Mwana wanu uja ankalephera kuyeza mchere wa m'ndiwo tsopano akuyeza thambo. Amayi akanaseka mpaka kutsokomola. Mundilembere za kumudzi. Mvula yayamba kodi?

Ine mwana wanu,
Kettie


Kwa Katsumwa, Namitete
14 Disembala 2003

Kettie mwana wanga,

Kalata yako ndinalandira Lachisanu. Ndili bwino. Mwendo umakhala bwino ukakhala pampando. Mvula yodzalira inagwa kumapeto kwa Novembala, chimanga chamera, mtedza tagawana ndi akhwangwala.

Zimene walembazo ndawerenga katatu. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndinaphunzitsa ana a eni kuti kumwamba kuli dzuwa, mwezi ndi nyenyezi, ndipo wowonjezerapo ndinkamukwapula. Ndikuona kuti ndiyenera kuyenda khomo ndi khomo kupepesa.

Wati mudzi wakowo ulibe dzina. Uutche Mkamwini. Chinthu chofatsa, chongokhala pamene anachiika, m'zolengedwa zonse ndikudziwapo chimodzi chokha, ndicho ineyo. Chaka chamawa ndikwanitsa zaka makumi anayi m'mudzi wa amako uno, ndipo sindinakwezepo mawu ngakhale kwa nkhuku.

Za kumudzi ndi izi. Mable, mwana wa malemu amako aakulu, wabereka wachisanu. Iye, mwamuna wake ndi ana onsewo akugona m'kanyumba kaja ka chipinda chimodzi, pamene ine ndikusinthasintha zipinda zinayi ngati bwana wa esiteti. Amalume ako a Januario abwera kudzandiona kawiri mwezi uno. Anayamikira malata. Ati chiliza cha amako timange tikakolola, mu Julayi.

Ntchito yanga masiku ano ndi chitseko. Ukuchidziwa, cha mlombwa chija cha kumaso, chimene anandipalira bambo anga ku Nambuma pamene ndinkabwera kudzakwatira. Nyumba tamanga zitatu, chitseko chomwecho. Pa zonse za pakhomo pano, chimene ndinabwera nacho ndi chokhachi. Masikuluwu a mahinjesi ake ndi asanu ndi limodzi, onse anagwirana ndi dzimbiri. Ndimadonthezera mafuta m'mawa uliwonse. Dzulo limodzi lavomera kuzungulira.

Amako aang'ono a Febe akuti akulembera. Uziwayankha.

Ndine bambo ako,
Goodson Kamphinda


Kwa Katsumwa, Namitete
4 Januwale 2004

Kettie,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndine mayi ako aang'ono, mwina unandiiwala. Kuno tili bwino kupatula msana wanga, umene palibe amaufunsa. Nsapato unatumiza zija ndi zazing'ono. Ndinati seveni, iwe sikisi, sukulu yonseyo. Nanga za banja zili pati? Kumeneko amuna anatha eti?

Tsopano tsegula makutu, chifukwa bambo ako sangakuuze. Mkamwini sadzinenera yekha mlandu, ndiye alamu angawa kuphatikiza uphunzitsi, manyazi awo ndi a satifiketi. Tikamanga chiliza cha amako mu Julayi, akuluakulu adzawasudzula, ndiko kuwamasula kuti ukwati watha, abwerere kwawo. Nyumba ndi munda ndi zako, poti mwana wamkazi ndiwe wekha. Mlongo wako Ronald naye ndi mkamwini kwa eni ake ku Kasungu, mawu ake kuno salemera.

Amalume ako anena pamaso pa anthu kuti mwana akati bambo anga akhale, akhala mpaka imfa, palibe wowakhudza. Koma mwana akakhala chete ndiye kuti nyumbayo alibe nayo ntchito, alowemo Mable ndi ana ake, aphunzitsi tiwaperekeze ku Nambuma. Amalume ako si oipa ayi, Mable akuvutikadi. Koma ku Nambumako bambo ako akakhala ndi yani? Owadziwa onse ali kumanda.

Sitikuti ukwere ndege. Mizere iwiri basi, yolembera amalume ako, dzina lako pansi. Alamu andiletsa kuti ndisakusokoneze pa sukulu, ine ndawayankha kuti pepala ndi langa, sitampu ndi yanga.

Nsapato ukamatumiza zikhale zakuda, zopitira ku Mvano.

Ndine mayi ako,
Febe


Bonn
22 Febuluwale 2004

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndasangalala kumva kuti chimanga chamera. Dzina lija lagwira. Ofesi yonse ikuti Mkamwini, ngakhale a Profesa anga, mayi wamtali wosaseka, amene lilime lawo limapunthwa pa chilembo chachiwiri. Ndinawauza kuti tanthauzo lake ndi munthu wosavuta.

Ntchito yanga panopa ndi kupeta. Zithunzi za ekisireyi sizibwera zoyera. Kuwalako kumafika kadontho kamodzikamodzi, timachita kuwerenga, ndipo kumabwera ndi mankhusu ambiri. Dzuwa likapsa mtima limaponyera zinyalala pa makina, maola amenewo timataya. Pa khumi ndi limodzi aja ndataya atatu, ndinalira ngati ndataya mbuzi. Ndiye pali timadontho tina towala mopitirira, ta zinthu zongopezeka panjira, tosakhala ta mudziwo. Timeneto timatiphimba ndi kachigamba kakuda pa kompyuta. Luso lonse la ntchito ino ndi kudziwa choyenera kusachimvera, ndipo a Profesa akuti ine luso limeneli ndinabadwa nalo. Panali kadontho kena kaphokoso pafupi ndi mtima wa Mkamwini, ndakaphimba, tsopano ali phee.

Kalata ya Amayi aang'ono inafika. Ndiulule, sindinaitsegule. Za m'katimo ndikuzidziwa: nsapato ndi mwamuna. Nsapato ndikhoza kugula, mwamuna sagulitsa m'sitolo. Ndaiika m'dirowa, ndidzawerenga ntchito ikapepuka. Chonde musawauze.

Za chitseko, musataye nthawi ndi mafuta ophikira. Thirani palafini, musiye tsiku limodzi, dzimbiri ligonja lokha. Mwaona, sukuluyi ili nako kothandiza pakhomo.

Ine mwana wanu,
Kettie


Kwa Katsumwa, Namitete
2 Meyi 2004

Kettie mwana wanga,

Moni. Pepa kuchedwa kuyankha, tinali kokolola. Nkhokwe yadzaza, mtedza wapulumuka matumba atatu. Mbewu ya chaka chamawa sindinapatule.

Palafini wako ndi mankhwala enieni. Masikuluwu anayi tsopano akuzungulira ndi chala chokha. Atsala awiri a pansi, amene amamwa madzi a mvula. Ndikuthokoza kwambiri.

Sabata yatha ndinapita ku Nambuma kukaona kwathu. Ndinavala jekete la ku sesheni ya mpingo. Pamene panali nyumba ya bambo anga pali dimba la tomato. Ndinaima pabwalo la mdzukulu wa malemu mlongo wanga, mtsikanayo anatuluka, anagwada bwino, n'kuti, "Agogo, mukufuna ndani?" Ndinafunsa njira ya kuchigayo, ngakhale chigayocho chinkalira kumbuyo kwanga. Ndinachita kubwereranso kudzadzitchula dzina ngati wa kalembera.

Mabuku anga ndapereka ku sukulu. Anali kungodyetsa chiswe.

Chinsinsi chako cha m'dirowa ndasunga. Ndingoti m'zaka zanga zauphunzitsi, mwana wolongolola kwambiri m'kalasi nthawi zina ndiye ankayamba kunena kuti denga likudontha. Febe akuti walembanso.

Ndili ndi funso la mwana wa Sitandade 5. Mudzi wofatsawo mumadziwa bwanji kuti wafatsadi? Kapena mumangoona kuti sukudandaula?

Ndine bambo ako,
Goodson Kamphinda


Bonn
20 Juni 2004

Bambo,

Moni mwachangu. Zinthu sizikuyenda. Mkamwini akutentha kuposa mmene mudzi wa msinkhu wake uyenera kutenthera, manambala akukana kugwirizana, ndabwereza kasanu. Ku chiliza sinditha kubwera, mundikhululukire. Ronald andiimirire.

Funso lanu landiseketsa. Timadziwa poona maonekedwe: ukakhala wozungulira bwino, wosalala, ndiye kuti wakhazikika. Musadere nkhawa, zimenezi ndi zimene ndinaphunzira.

Makalata a Amayi aang'ono akwana atatu m'dirowa. Nsapato ndatumiza zina, mwina apuma. Chitseko chikatha mupake vanishi.

Kettie


Kwa Mphanda, Nambuma
8 Ogasiti 2004

Kettie mwana wanga,

Uone adiresi pamwambapa, yasintha. Ndili bwino. Chiliza cha amako chinamangidwa, n'chokongola. Dzina analemba osalakwitsa, ndinaima pomwepo ndi cholembera chofiira m'thumba.

M'mawa mwake anandisudzula. Anachita mwaulemu, ndisaname. Amalume ako anayankhula bwino, anati aphunzitsiwa sitinawaonepo choipa. Kenaka anafunsa katatu ngati pali mawu ochokera kwa mwana. Febe anayang'ana ine, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Anthu anatenga kuti wawerenga ndipo wasankha kukhala chete. Ndikanatha kunena kuti makalatawo ali m'dirowa, osatsegula. Koma unati ndisawauze, ndipo ine mawu amenewo ndinawagwira ngati lemba, chifukwa anandipulumutsa ku chinthu chimene ndimachiopa koposa njoka, ndicho kupempha. Usadziimbe mlandu wekha. Chitsiru chachikulu m'nkhaniyi ndi chimene chili ndi imvi.

Sikuluwu lomaliza linakana mpaka tsiku lonyamuka. Ndinazula chitseko changa anthu akuyang'ana, Mable anapachika chiguduli pakhomopo. Tinakwera matola, ine, sutikesi, njinga ndi chitseko. Wa matola anachigoneka pansi. Anthu anayi anachikhalira mpaka ku Nsaru, mbuzi imodzi mpaka ku Kabudula.

Kuno andipatsa kanyumba ka kuseri kwa mdzukulu uja. Khomo lake ndi laling'ono, chitseko changa sichikwana. Ndachitsamiritsa kukhoma m'kati, ndimakolekapo jekete. Ana amanditcha agogo a chitseko. Anthu ndi abwino, amandipatsa moni wa mlendo wolemekezeka amene sananene tsiku lobwerera. Akulu anati mkamwini asamakule mwendo. Wanga unakula mpaka kwathu komwe sukulowa.

Ndikuuze choona kamodzi kokha. Pakhonde paja ndinkaona mitengo ya kumanda kumene agona amako. Kuno ndikakhala pakhomo ndimaona khola la nkhumba. Zikundiwawa, mwana wanga.

Limbikira sukulu. Mnzanga wa kumwambayo umupatse moni.

Ndine bambo ako,
Goodson Kamphinda


Bonn
30 Ogasiti 2004

Amayi aang'ono,

Ndagwada. Pafoni dzulo munkayankhula ndinu, ine mpata sindinaupeze, ndiye ndalemba. Mwina ndifika ine kalatayi isanafike.

Makalata anu atatu ndinawatsegula Lachinayi, onse tsiku limodzi, nditawerenga ya Bambo ya ku Nambuma. Yoyamba inali itagona m'dirowa miyezi isanu ndi iwiri. Zimene munanditchula pafoni zija zonse ndavomera, muwonjezerenso.

Kuti muone kukula kwa uchitsiru wa mwana wanu, mverani izi. Paja Bambo ankakuwerengerani makalata anga, mudzi wanga wa kumwamba uja mukuudziwa. Sabata yomweyo a Profesa anati tachotsa kachigamba kakuda kaja tione. Ndinachotsa. Kadontho kaphokoso kamene ndinakaphimba mu Febuluwale sikanali chinyalala. Ndi mutu wa mudzi wina wa milalang'amba umene ukuwomba mudzi wangawo pamtima penipeni. N'chifukwa chake unkatentha mopitirira. Umene ndinalumbira kuti ndi wofatsa uli pakati pa ngozi, ndipo umboni wake ndinauphimba ndi dzanja langa.

Ine ntchito yanga ndi kuwerenga timadontho kamodzikamodzi. Bambo anga ankandiwerengera masikuluwu, limodzi, kenaka anayi, ine n'kuwauza kuti thirani palafini, pakani vanishi. Ndinawathandiza kuzula chitseko. Ndikakumbukira ndimafuna kulowa pansi pa tebulo.

A Profesa osaseka aja anaseka. Akuti kugundana kotere n'kosowa, ndikalemba msanga dzina langa limveka. Kwatsala masabata asanu ndi awiri zithunzi zisanatsegulidwire aliyense, ndipo ku Amereka kuli gulu lina likudikira ngati mphamba.

Koma munati mizere iwiri ija inatha ntchito. Munthu akaperekezedwa kwawo, womufuna amapita yekha kukamupempha kwa abale ake. Munatinso aonda ndipo asiya kumeta ndevu, munthu amene ankameta ngakhale popita kudimba. Ndamva. Ndifika pa 11 Sepitembala. Amalume muwauze. Mable asatulutse ngakhale supuni, ana asanu sangagone panja chifukwa cha ine. Mundipezere chitenje ndi tambala wokapepesera.

A Profesa andifunsa ngati nkhaniyi singadikire mpaka Novembala. Ndawayankha kuti yadikira kale mokwanira m'dirowa mwanga.

Ine mwana wanu wa sukulu yonseyo,
Kettie


Kwa Katsumwa, Namitete
10 Okutobala 2004

Ronald,

Moni kwa iwe ndi a kunyumba kwako. Ndikulembera poti suli wofunsa. Pa chiliza unali pomwepo, foni m'thumba, mlongo wako osamuimbira, ati ndimayesa akudziwa. Banja lonseli ndi la anthu oyesa.

Bambo ako abwerera. Koma mmene tavutikira, msana wanga ndiye mboni.

Ku Nambuma tapita katatu, ine, Kettie ndi amalume ako. Ulendo woyamba mkulu wa banja la kumeneko anali ku maliro, tinabwerako ndi tambala wathu. Wachiwiri anatikhazika padzuwa n'kutifunsa kuti munthu munamutaya nokha, lero mwamuona ubwino wanji? Amalume ako anatuluka thukuta ngati akulima. Anatiuza kuti tibwerenso pakatha masabata awiri, akambirane. Kettie anayamba kuwerenga masiku pa zala, za sukulu zake zija. Ndinati ngati ukufuna ndege, msewu ndi uwo. Anapita ku Lilongwe, ine ndinati basi wapita. Madzulo ndikuona uyo akutsika minibasi, wakasuntha tsiku la tikiti.

Ulendo wachitatu abale anavomera, koma anavuta ndi eni ake. Alamu anatuluka m'kanyumba kaja atavala jekete, ndevu mbuu. Kettie anagwada. Mawondo a ku Jeremani, Ronald, ankalira ngati nsungwi. Chitenje chinamasuka kawiri. Tambala anadula chingwe, ana a mudzi wonse kumuthamangitsa, mlongo wako ali chigwadire.

Alamu anati, "Ine anandisudzula. Mkazi kumeneko ndilibe, munda ndilibe. Ndikabwerere ngati ndani?"

Kettie anayamba Chichewa chake cha m'mabuku, za mwambo, za ufulu, ine ndinamutsina. Kenaka anati, "Ngati bambo anga. Nyumba ija akuti ndi yanga, ndiye nyumba yanga ilibe chitseko. Ndikupempha, Bambo."

Alamu anayang'ana kumbali. Anati, "Kupempha wakuphunzira kuti? Kwa ine ayi." Ine ndinalira, amalume ako anayamba kukonza chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale.

Kettie wagamula kuti Mable asatuluke. Zipinda zitatu za Mable ndi ana, cha kumaso cha alamu, munda alime pamodzi. Chitseko anamanga okha alamu, anakana wowagwirira. Munthu uja sanakalipirepo nkhuku, tsopano m'mawa uliwonse timamva akukalipira ana a Mable za matebulo a masamu. Ameta ndevu.

Kettie anyamuka Loweruka. Akuti ntchito yake ija yamupita. Ndinamufunsa ngati kumwambako midzi inali umodzi wokha, anati ilipo masauzande. Ndiye ndinati ukulira chiyani. Za mwamuna sindinafunse, ndasungira ulendo wina.

Ndine mayi ako,
Febe


Bonn
21 Novembala 2004

Okondedwa Bambo,

Moni kwa inu, kwa Mable ndi asilikali ake asanu. Mwendo ukuti bwanji? Mizere mwatha kupanga? Yankhani zoona, masiku ano ndimawerenga liwu lililonse kawiri. Kalata ya Amayi aang'ono inafika dzulo, ndinaitsegula ndisanavule jekete. Ndi ya nsapato.

Ndinachedwa kulemba kuti ndikuuzeni zonse pamodzi. Mphamba uja watola. Zithunzi zitatsegulidwa pa 20 Okutobala, a ku Amereka anatenga masabata anayi okha. Nkhani yawo yatuluka Lachiwiri. Alemba bwino, ndisawanamizire. Kadontho kanga kaja ndiye kali pa tsamba loyamba, kopanda chigamba. Dzina langa mulibe, la Mkamwini mulibenso, abwezeretsa manambala aja. Ndinadzitsekera m'chimbudzi cha ku ofesi n'kulira, kenaka ndinatuluka chifukwa wina ankagogoda. Digiri yanga ichedwa ndi chaka. A Profesa andipatsa mudzi wina umene akuti ndi wofatsa. Ndawauza kuti tiona.

Tsopano mundiyankhe za mtedza. Munandimangira nokha kathumba kaja, munati ndisakatsegule panjira. Nditatsika ndege kuno, a kasitomu anaika sutikesi yanga m'makina awo ounikira katundu, a ekisireyi. Ine ndinaima pambali pa bambo wa yunifolomu, tonse tikuyang'ana pa galasi. Panaoneka mtambo wa timadontho ta mtedza, wozungulira bwino, wofatsa. Pakati pake penipeni panali chinthu chakuda, chachitali, cha nsonga yophwatalala. Zaka zinayi ndakhala ndikuyang'ana zithunzi za ekisireyi, ichi n'choyamba chimene ndachimva pongochiona kamodzi.

Anandiuza kuti ndimasule. Ndinapisa dzanja mu mtedza n'kutulutsa sikuludiraiva yanu, ya chigwiriro cha mtengo chija chinapsa mbali imodzi. Inkanunkhabe palafini. Pakhomo paja ina mulibe, ndikudziwa. Musaifunefune, ili pa tebulo langa pano, ndipo siibwera.

Bamboyo anaitembenuzatembenuza, n'kundifunsa kuti ndi ya chiyani. Ndinati ndi ya chitseko. Anayang'ana m'sutikesi monse, n'kufunsa kuti nanga chitsekocho chili kuti.

Ndinati chili pamalo pake.

Ine mwana wanu,
Kettie